Ndalama za makilomita pa galimoto yanu: momwe mungazilandirire osadulidwa msonkho wosayenera

Ambiri mwa ife amene tili pa ntchito muno mu Harare timayendetsa galimoto zathu pa ntchito za abwana. Wina amagulitsa katundu wa kampani ya ku Msasa, tsiku lonse ali mumsewu pakati pa Graniteside, Southerton ndi Chitungwiza. Wina ali ku bungwe lothandiza anthu, Lolemba ali ku Epworth, Lachinayi ali ku Marondera. Mwezi ukatha amayembekezera kubwezeredwa zimene wawononga, koma poyang'ana payslip amapeza kuti ndalama za mafuta zija zaphatikizidwa ndi malipiro ndipo PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro, yadyapo kale. Kwa ena ndalamazo zimabwera zathunthu kwa zaka zingapo, kenako a ZIMRA, bungwe lotolera msonkho, akadzafufuza mabuku a kampani ngongole ya msonkho imatulukira, mkangano n'kuyamba wakuti alipire ndani.

Gwero la mavuto onse awiriwa ndi limodzi: palibe cholembedwa chosonyeza kumene galimoto inapita ndi chimene inapitira. Lamulo la msonkho la Zimbabwe, Income Tax Act, Chapter 23:06, pa ndime 8(1)(f), limawerengera alawansi kapena phindu lililonse lochokera kwa abwana ngati gawo la malipiro, kupatula mbali imene yagwiritsidwa ntchito pa bizinesi ya abwanawo. Mbali imeneyo ndi imene muyenera kuisonyeza, ndipo imasonyezedwa ndi mapepala, osati ndi pakamwa.

Zoyenera kukhala nazo musanayambe

Kabuku kolembamo maulendo, kachikuto cholimba, kokhala m'galimoto nthawi zonse, ndi cholembera chomangirirapo. Spreadsheet ya pafoni ingagwirenso ntchito, bola mukhale munthu wokumbukira kuitsegula.

Mita ya makilomita yogwira ntchito. Galimoto zambiri zakale zochokera ku Japan zimene tili nazo kuno zimayenda mita itafa kalekale. Ikonzetseni kaye, chifukwa popanda iyo zonse zotsatirazi n'zongoyerekeza.

Buku la galimoto losonyeza mwini wake, nambala yake ndi kukula kwa injini.

Kalata yanu ya ntchito, komanso ndondomeko ya kampani ya maulendo ngati ilipo.

Envelopu kapena kachikwama ka malisiti, ndi foni yotha kujambula.

Payslip ya miyezi itatu yapitayi.

1. Dziwani mtundu wa ndalama imene mukulandira

Tengani payslip ndi kalata ya ntchito muone chimene abwana amakupatsani. Pali mitundu itatu imene anthu amasokoneza.

Woyamba ndi ndalama yokhazikika, yofanana mwezi uliwonse, kaya mwayenda kaya simunayende. Imalembedwa kuti ndi ya mayendedwe, ya mafuta kapena ya galimoto. Imeneyi a payroll, owerengera malipiro pa kampani, amaiphatikiza ndi malipiro n'kuidula PAYE, ndipo salakwa.

Wachiwiri ndi kubwezeredwa: mwayenda makilomita akutiakuti pa ntchito, mwalemba, abwana asayina, kampani yakubwezerani. Apa simunalemere ndi kalikonse, mwangobwerera pamene munali. Ndalama imeneyi, ikakhala ndi umboni wokwanira, si malipiro.

Wachitatu ndi galimoto ya kampani imene mumapita nayo kunyumba. Imeneyo ili ndi lamulo lakelake: phindu lake limawerengedwa malinga ndi kukula kwa injini, m'magulu olekezera pa 1500cc, 2000cc ndi 3000cc, ndi gulu lina la zoposa pamenepo. Malangizo ano sakukhudza mtundu umenewu.

Chenjezo: dzina lolembedwa pa payslip silipulumutsa munthu. Kampani ikamakupatsani US$150 mwezi ndi mwezi n'kumailemba kuti ndi yobwezera makilomita, koma palibe buku la maulendo kapena fomu yopemphera ndalamazo, wofufuza wa ZIMRA adzaiona ngati alawansi basi. Chimodzimodzi makuponi a mafuta. Amene mwawotchera pa ntchito ya kampani ndi nkhani ina, amene mwapitira nawo ku tchalitchi ndi ku Mbare Musika ndi phindu lanu, ndipo ali ndi msonkho.

2. Gwirizanani mtengo wa kilomita imodzi, ndipo ulembedwe

Musayambe kuyenda musanadziwe kuti kilomita imodzi mudzalipidwa zingati. Makampani ndi mabungwe ambiri kuno amatsatira mitengo imene bungwe la Automobile Association of Zimbabwe limatulutsa, yoikidwa malinga ndi kukula kwa injini. Ena amadziikira mtengo wawo. Kaya ndi njira iti, pemphani kuti ilembedwe mu ndondomeko ya kampani kapena m'kalata yosayinidwa, yotchula mtengo, ndalama yake ngati ndi madola a America kapena ZiG (ndalama ya Zimbabwe), ndi tsiku loyambira.

Funsani funso ili mosapita m'mbali: mtengowu ukuphatikiza chiyani? Mtengo wa pakilomita nthawi zambiri umakhala utawerengera kale mafuta, oyilo, matayala, kukonzetsa ndi kutha kwa galimoto. Ngati ndi choncho, simungalandire za makilomita n'kuperekanso lisiti la mafuta a ulendo womwewo. Kumeneko n'kulipidwa kawiri, ndipo yachiwiriyo imasanduka malipiro oyenera msonkho, ngati sikukhala mlandu wina woposa pamenepo.

Mtengo wokwera mopanda chifukwa ulinso ndi vuto lake. Pali mabwana ena okoma mtima amene amafuna kuwonjezera malipiro a munthu mobisa, ndiye amaika mtengo wa kilomita wa Honda Fit ngati ndi lole ya matani 10. Lamulo limachotsa msonkho pa zimene zawonongedwadi pa bizinesi, osati pa zimene mwagwirizana awiri muofesi. Zapamwambazo ndi malipiro. Ine ndimaona kuti kutsatira mtengo wosindikizidwa ndi bungwe lodziwika n'kwanzeru, chifukwa pa tsiku lofunsidwa muli ndi pepala loloza.

Popeza a ZERA, bungwe la boma loyang'anira za mafuta ndi magetsi, amasinthasintha mitengo ya mafuta, pemphani kuti kalatayo inenenso nthawi younikanso mtengowo.

3. Siyanitsani ulendo wa ntchito ndi ulendo wanu

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, choncho tikhalepo pang'ono.

Ulendo wochoka kunyumba kupita kumene mumagwirira ntchito masiku onse, ndi wobwerera madzulo, ndi wanu. Lamulo lomweli pa ndime 16 limauika m'gulu la zowonongera pa moyo wa munthu payekha. Kaya mumakhala ku Mufakose ndipo ofesi ili ku Msasa, mbali ina ya mzinda, kaya munasankha galimoto chifukwa makombi amakuchedwetsani, kaya abwana ndi amene anakuuzani kuti muzifika 7 koloko, zonsezo sizisintha kanthu. Abwana akafuna kukulipirani ulendo umenewu angathe, koma ndalamayo idulidwe PAYE.

Ulendo wa ntchito ndi umene mwatumidwa: kuchoka ku ofesi kupita kwa kasitomala ku Willowvale, kukatenga katundu ku Workington, kukapereka mapepala kubanki m'tauni, kupita ku msonkhano ku Mutare kapena ku Bulawayo.

Ovuta ndi maulendo osakanikirana. Tiyerekeze kuti mumakhala ku Mabvuku, ofesi ili m'tauni, ndipo m'mawa wina mwatumidwa ku Ruwa musanafike ku ofesi. Njira yosakayikitsa ndi kulemba makilomita onse a m'mawawo, kenako n'kuchotsapo amene mukanayenda pa tsiku wamba kuchoka kunyumba kufika ku ofesi. Otsalawo ndiwo a kampani. Makampani ena ali ndi kawerengedwe kawo pa nkhani imeneyi, ndiye tsatirani kolembedwa, koma musasinthesinthe mwezi uno mwakuti mwezi wamawa mwakuti.

Nanga mukapatuka? Mwatumidwa ku Chinhoyi, pobwerera mwakhota kukaona achemwali pa famu ina, makilomita 30 kupita ndi kubwera. Lembani makilomita 30 amenewo padera kuti ndi anu. Palibe amene angakuletseni kuona abale, ndipo buku loonetsa maulendo aumwini apa ndi apo limakhulupirika kuposa limene kilomita iliyonse ndi ya kampani, ngakhale Lamlungu la Pasaka. Maliro, zinkhoswe, kukasiya ana kusukulu, kuperekeza mlendo kukakwera basi ya ku Blantyre, zonsezi n'zanu ngakhale zitachitika nthawi ya ntchito.

4. Lembani buku la maulendo tsiku lomwelo

Patsamba loyamba lembani dzina lanu, nambala ya galimoto, mtundu wake, kukula kwa injini, ndi manambala a pa mita pa tsiku loyamba. Jambulani mitayo ndi foni. Muzichitanso chimodzimodzi pa 1 Januwale ndi pa 31 Disembala, pakuti chaka cha msonkho kuno chimayendera limodzi ndi kalendala.

Pa ulendo uliwonse lembani tsiku, kochokera, kopita, manambala a pa mita ponyamuka ndi pofika, makilomita ake, chifukwa cha ulendo, ndi amene wakutumani.

Pa chifukwa cha ulendo musangolemba kuti ntchito. Liwu limenelo silinena chilichonse. Lembani kuti kukapereka invoice nambala yakuti kwa kasitomala wakuti, kapena kukayendera polojekiti ya mijigo m'dera lakuti. Wofufuza akafuna kutsimikiza amatenga tsiku limodzi m'buku lanu n'kulifananiza ndi mapepala ena a kampani, monga delivery note, lipoti la ulendo kapena mndandanda wa opezeka pa msonkhano. Zikagwirizana amapitirira. Zikapanda kugwirizana amayamba kukayikira buku lonse.

Chenjezo: musadikire kumapeto kwa mwezi. Buku lolembedwa usiku umodzi limadziwika. Inki ndi imodzimodzi, manambala onse amathera pa ziro, ndipo ulendo wa ku Norton umatuluka makilomita ofanana ndendende kasanu konse ngati kuti simunakhotepo n'kamodzi komwe. Lembani musanatsike m'galimoto, injini ikadali yotentha.

Google Maps ingakuthandizeni kuona ngati manambala anu ali pafupi ndi zoona. Kuchoka Harare kufika Bulawayo ndi makilomita pafupifupi 440, kufika Mutare ndi oposa pang'ono 260. Mukalemba 600 pa ulendo wopita kokha ku Bulawayo, konzekerani kufotokoza kumene munadzera.

5. Sungani malisiti a zolipira panjira

Ndalama za pa tollgate za ZINARA, bungwe loyang'anira misewu, ndi za poimika galimoto m'tauni nthawi zambiri sizikhala mkati mwa mtengo wa kilomita, choncho zimapemphedwa padera ndi lisiti lake. Timapepala timeneti timafufutika msanga, makamaka tikakhala padzuwa pa dashboard. Tijambuleni tsiku lomwelo, ndipo kumbuyo kwake lembani ulendo umene tikuimira. Lisiti la tollgate lili ndi ubwino wina: limasonyeza tsiku ndi malo, ndiye limachitira umboni buku lanu.

Ngati kampani yanu simalipira pakilomita koma imabweza mtengo weniweni wa mafuta, malisiti a mafuta ndi ofunika onse, ndipo buku likufunikabe. Thanki imodzi imayenda maulendo a ntchito ndi anu omwe, choncho mumagawa: ngati mwa makilomita 1,000 a mweziwo 400 anali a ntchito, kampani ibweze magawo 40 pa 100 aliwonse a ndalama za mafuta.

Chindapusa cha apolisi kapena cha kuimika galimoto polakwika musachiike pa fomu. Wolakwa ndinu, osati bizinesi.

6. Werengerani, dzazani fomu, musayinitse

Wonkhetsani makilomita a ntchito, muchulukitse ndi mtengo mudagwirizana, muwonjezere malisiti a panjira. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, kupatula mlingo wa msonkho.

Tinene kuti malipiro anu ndi US$600 pamwezi. Pa matebulo a PAYE a madola a America a 2024 ndi 2025, US$100 yoyamba inalibe msonkho, kuchokera pamenepo kufika US$300 unali 20 peresenti, ndipo kuchokera US$300 kufika US$1,000 unali 25 peresenti. Pamwamba pake pali AIDS levy ya 3 peresenti, yowerengedwa pa msonkhowo, osati pa malipiro. Kwa inu tsono, dola iliyonse yowonjezera imadulidwa masenti 25 ndi kachidutswa.

Abwana akakupatsani US$150 yokhazikika popanda buku, msonkho wake ndi US$37.50, AIDS levy ndi US$1.13, zonse pamodzi US$38.63. M'thumba mwanu mumalowa US$111.37.

Tsopano tinene kuti muli ndi buku, mwayenda makilomita 400 a ntchito, mtengo wake ndi masenti 30 pa kilomita. Imeneyo ndi US$120, ndipo imabwera yonse. Abwana akaumirira kukupatsanibe US$150, ndiye kuti US$120 ili ndi umboni, US$30 yotsalayo ilowe m'malipiro, idulidwe pafupifupi US$7.73. Kusiyana kwa msonkho pa US$150 yopanda buku ndi US$150 yokhala ndi buku ndi pafupifupi US$31 pamwezi, yomwe pa chaka imakwana kusevisa galimoto n'kugulirapo tayala.

Matebulo amenewa amasintha nduna ya zachuma ikapereka bajeti, ndipo a ZiG ali ndi malire awoawo, choncho tengani a chaka chimene mukuwerengera pa tsamba la ZIMRA.

Fomu isayinidwe ndi inu komanso ndi amene anakutumani, ndipo kumbuyo kwake kukhale fotokope ya masamba a buku a mweziwo. Ngati ndinu dairekitala wa kampani yanuyanu, musadzisayinire nokha mbali zonse ziwiri. Pezani mnzanu wina wa udindo aone ndi kusayina.

Ngati munapatsidwiratu ndalama ulendo usanachitike, bweretsani fomu ndi malisiti mukangobwera, ndipo zotsala mubweze, akupatseni lisiti. Ndalama yoperekedweratu imene sinafotokozedwe ikakhalitsa imaoneka ngati malipiro.

7. Yang'anani payslip

Ndalama yobwezeredwa isapezeke mkati mwa chiwerengero chimene PAYE yawerengedwapo. Makampani ena amailipira padera, osadzera pa payslip n'komwe. Ena amaiika pa payslip koma pa mzere wakewake wosadulidwa msonkho. Njira zonse ziwiri n'zabwino.

Mukaona kuti yadulidwa, pitani kwa a payroll mwezi womwewo ndi fotokope ya fomu yanu. Abwana amatumiza PAYE ku ZIMRA pofika pa 10 mwezi wotsatira, ndipo kukonza cholakwa tsikulo lisanafike n'kosavuta. Ambiri amene ali pa ntchito imodzi yokha ali pansi pa Final Deduction System, kutanthauza kuti abwana ndi amene amawongola msonkho wanu chaka chisanathe, inu simudzaza fomu ya msonkho panokha. Choncho khomo loyamba kugogoda ndi la a payroll, osati la ku ofesi ya ZIMRA ku Kurima House. Lankhulani nawo mwaulemu. Kawirikawiri amadula chifukwa choopa: kampani ikalephera kudula msonkho woyenera, ZIMRA imaufuna kwa kampaniyo, pamodzi ndi chilango ndi chiwongoladzanja. Mukawapatsa mapepala oti adzitetezere nawo, mantha aja amatha.

Chaka chikatha fananizani satifiketi yanu ya P6, yosonyeza malipiro ndi msonkho wa chaka chonse, ndi mapayslip onse, muone ngati ndalama za makilomita sizinalowe m'chiwerengero cha malipiro a chaka.

8. Sungani zonse zaka 6

Lamulo limafuna kuti mabuku a bizinesi asungidwe zaka 6. Udindowo ndi wa kampani, koma inunso sungani buku lanu lenileni ndi zithunzi za mafomu. Maofesi amasamuka, owerengera chuma amasintha, mafayilo amanyowa ndi mvula. Mukasiya ntchito, kampani isale ndi fotokope, buku mupite nalo.

Zolakwa zimene zimabwerezedwa

Kuyendera galimoto yosakhala m'dzina lanu popanda chofotokoza. Ambiri timagula galimoto osasintha dzina pa buku lake, kapena timabwereka ya alamu. Kampani ikamalipira makilomita pa nambala ya munthu wosadziwika, mafunso amabwera. Sungani kalata ya mgwirizano wogulana, kapena kalata ya mwini wake yokulolani, ndipo yesetsani kusinthitsa dzina.

Kusauza a inshuwalansi. Iyi si nkhani ya msonkho, koma ndi imene imapweteka kwambiri. Inshuwalansi yanu ikakhala yolembedwa kuti galimoto ndi ya maulendo apabanja, inu n'kuchita ngozi mutanyamula katundu wa kampani pa msewu wa ku Masvingo, angathe kukana kulipira. Werengani pepala lanu, muwauze kuti mumayendera ntchito, ndipo funsani abwana kuti ndalama yowonjezerayo alipira ndani.

Kulemba makilomita a galimoto pamene munakwera basi kapena munatengedwa ndi mnzanu. Anthu anayi akapita ku Gweru pa galimoto imodzi, wolandira za makilomita ndi mmodzi, mwini galimotoyo.

Kusakaniza ndalama. Mafuta mwagula ndi madola a America, tollgate mwalipira ndi ZiG, pa fomu mwawonkhetsa zonse pamodzi ngati ndalama imodzi. Lembani iliyonse pa mzere wake monga ilili pa lisiti, kusinthako musiyire a maakaunti.

Kuganiza kuti abwana akapanda kukubwezerani mudzachotsa nokha ndalamazo pa msonkho. Kwa munthu wa PAYE njira imeneyo ndi yopapatiza kwambiri, musaidalire. Nkhani ya kubwezeredwa ikambidwe galimoto isanatuluke pageti.

Kuvomera kuti malipiro achepetsedwe pa pepala kuti mbali ina izibwera ngati ya makilomita. Mwezi woyamba zimakoma, chifukwa msonkho watsika. Koma makilomitawo ndi opeka, siginecha ili pa fomu ndi yanu, ndipo tsiku lowerengera ndalama zochotsedwera ntchito kapena lopempha ngongole kubanki, adzayang'ana malipiro ochepa aja.